Kodi Mwana Wopita ku Koleji Ali ndi Ngongole?

Tsiku lina m'kalasi mwathu sitinawerenge. Mabuku anali otsegula, coko cinali m'manja, koma phunziro linasanduka mlandu. Mayi wina anatiuza kuti mwana wake wamwamuna wakhoza mayeso olowera ku koleji, ndipo adzapita ku Tete. Tinaomba m'manja, amayi analuluta. Kenaka mayiyo anaonjeza motsitsa mau kuti agulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo, kuti ndalama zipezeke. M'kalasi munangoti zii. Tonse timadziwa kuti ng'ombe imodzi siikoka ngolo. Wopanda ngolo amagulitsira mbatata yake ya kacewere pamunda pomwepo, pamtengo umene wogula wanena.

Bambo wina wacikulire anati: "Musade nkhawa, amayi. Kupatsa n'kuika. Akamaliza adzakugulirani ng'ombe zinayi." Mayi wina anakana: "Iai, abambo. Mwana si munda wakuti ukathira feteleza uziwerengeratu matumba." Anthu anagawikana pawiri. Ife aphunzitsi anu tinakhala cete, pakuti funsoli linaposa msinkhu wathu. Talilingalira masiku ambiri. Tsopano tilemba zimene tapeza, kuti muwerenge pamodzi ndi ana anu amene akumanga katundu wa ulendo.

Tiyambe ndi bambo uja, cifukwa sananame. Maphunziro a mwana mmodzi amadya thukuta la anthu ambiri. Caka ca koleji cimayamba mu Febuluwale kapena Malichi. Nthawi imeneyo nkhokwe zapepuka, cimanga sicinakhwime, fodya sanagulidwe. Ndalama ya ulendo, ya lendi, ya cakudya ndi ya mapepala imacotsedwa pa mbale ya ena. Mlongo amaleka kugula nsapato. Malume amagulitsa mbuzi. Agogo amamasula mfundo ya pansalu. Iwe wophunzira, ukaganiza kuti wafika pamenepa ndi mutu wako wokha, walakwa samu usanalowe m'kalasi.

Palinso thukuta la anthu amene sunawaone. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Yunivesite inali imodzi yokha, ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, ndipo ana a anthu akuda m'menemo anali owerengeka. Apwitikizi ambiri atacoka, masukulu anatsala opanda aphunzitsi. Pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anaitana acinyamata a m'makalasi omaliza a sekondale, nawauza kuti dziko likuwafuna tsopano lino. Ambiri anatumizidwa kukaphunzira uphunzitsi. Amene ankalota udokotala anagwira coko. Ena mwa iwo amanyadira zimenezo kufikira lero, ena amadandaula kuti sanafunsidwe. Ife sitinalipo, ndipo sitingaweruze msanga. Koma aphunzitsi amene anaphunzitsa aphunzitsi athu anacokera m'gulu limenelo. Conco mau akuti maphunziro ndi a mwini yekha sitiwavomera.

Komabe mayi uja amene anakana fanizo la munda anaona cinthu cimene bambo uja sanaone. Ngongole ili ndi ciwerengero, ili ndi tsiku lobweza, ndipo wobwereka amaopa wobwereketsa. Taganizani mwana amene wanyamuka ndi ng'ombe zinayi pamutu. Caka coyamba alephera phunziro limodzi, monga amalepherera ambiri. Kodi adzanena? Sanena. Pafoni adzati zonse zili bwino. Caka cotsatira adzanamanso, kuti abise bodza loyamba. Timamva anthu akunena kuti ana ophunzira amanyada, safuna kubwera kumudzi. Ena amanyadadi. Koma ena timawadziwa: cimene cawatsekereza m'tauni ndi manyazi. Masiku ano pepala la koleji silibwera ndi nchito m'thumba. Alipo anyamata ndi atsikana amene anamaliza bwino, ndipo papita zaka akuyendabe ndi makalata m'maofesi. Makolo akamawerenga ng'ombe, mwana wotere amaona pakhomo pao ngati bwalo la milandu.

Kwa mwana wamkazi katunduyu amalemera koposa. Ndalama zikamuthera pakati pa mwezi, amakumbukira mbuzi imene inagulitsidwa, naopa kupemphanso. Ndiye pamabwera bambo wa galimoto ndi mau okoma. Makolo, mwana wanu wamkazi asaope kukuuzani kuti sopo watha. Ngakhale mulibe, amve mau anu, mufunire limodzi njira.

Nanga tinene ciani, ngongole ilipo kapena palibe? Ife tikuona kuti mau akuti ngongole ndiwo atisokoneza. Kwathu kuno tili ndi cinthu cina cimene cimafanana bwino ndi nkhaniyi, ndico dima. Munthu akaitana dima, anzake amabwera ndi makasu ao. Palibe amene amalemba m'buku kuti uje walima mizere yakuti. Palibe tsiku lobweza. Koma tsiku limene mnzako adzaitana, iwe n'kukhala pakhomo uli bwinobwino, mudzi wonse udzakudziwa. Ndipo amene wadwala tsiku limenelo samuimba mlandu. Mwana wopita ku koleji walimiridwa dima. Adzayenera kubwera ndi khasu lake, koma khasulo likhoza kukhala la mtundu wina, ndipo tsiku lake sitingalichule ife.

Eduardo Mondlane anabadwa mu 1920 ku Manjacaze, m'cigawo ca Gaza. Anali mbusa wa ziweto, ndipo sukulu anaiyamba mocedwa. Anapita kukaphunzira ku South Africa, boma la tsankho linamucotsako mu 1949. Anapitirira ku Lisbon, kenaka ku America, ku Oberlin ndi ku Northwestern. Anagwira nchito ku United Nations, naphunzitsa pa yunivesite ya Syracuse. Munthu wowerenga zaka akanati mwana uyu watayika. Mu 1962, ali ndi zaka 42, anasankhidwa kutsogolera Frelimo ku Dar es Salaam, ndipo anaphedwa komweko pa 3 Febuluwale 1969. Sitikunena kuti mwana aliyense akhale Mondlane. Tikungoonetsa kuti khasu lina limafika mocedwa, ndipo limalima munda umene oitana dima sanauganizire.

Tsono iwe amene ukunyamuka, pali zina zimene sudikira kumaliza kuti uzibweze. Coyamba ndi coonadi. Ukalephera, nena. Ndalama ikatha, nena inathera ciani. Gula kope laling'ono, uzilembamo metikale iliyonse imene walandira ndi imene waononga. Ku Tete n'kotentha, si kuno kwa cisanu, ndipo madzi ozizira amene amagulitsa mumsewu amadya ndalama pang'onopang'ono osaoneka. Anzako ena adzakhala ana a anthu a malipiro. Usapikisane nao pa nsapato ndi foni.

Pa ciyankhulo tikhalitsepo pang'ono. Ku koleji zonse ndi Cipwitikizi, ndipo mumsewu wa ku Tete udzamva Cinyungwe. Ena adzaseka kachulidwe kako. Zimawawa, ifenso zinaticitikira pamene tinapita kukaphunzira za uphunzitsi. Mankhwala ake ndi kuyankhula ndi kufunsa. Wokhala kumbuyo duu, kuopa kusekedwa, ndiye amalephera. Phunzira Cipwitikizi mpaka ucigwire bwino. Koma ukabwera pachuthi usadzayankhe amako m'Cipwitikizi. Ambiri mwa makolo a kuno anakula nthawi ya nkhondo. Anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, nabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Sukulu zao zinatenthedwa kapena kutsekedwa. Sanasiye sukulu cifukwa ca ulesi. Lero akhala pansi masana, atacoka kumunda, kuphunzira zilembo zimene nkhondo inawalanda. Uziwalembera uthenga pafoni m'Cinyanja, mau afupiafupi, kuti awerenge okha popanda kuitana mwana wa mnansi. Ife aphunzitsi tidzakuthokoza, cifukwa uthenga wa mwana umaphunzitsa msanga kuposa buku lino.

Ena simupita kutali. Pa Ulónguè pomwepa pali sukulu ya ukacenjede ya zaulimi ya Universidade Zambeze. Inu mwai wanu ndi wina: munda wa makolo anu uli pafupi ndi kalasi. Ciwau cikagwira mbatata, tengani tsamba mukafunse aphunzitsi anu. Mukamva yankho, bwerani nalo. Koma musanayambe kulangiza, funsani amayi anu cifukwa cimene amabzalira nyemba pakati pa cimanga, ndi cifukwa cimene amayambira dimba mwezi wakuti. Alima nthaka imeneyi zaka zambiri kuposa zimene inu mwakhala ndi moyo.

Inu makolo, mwana asanakwere galimoto, khalani naye pansi. Muuzeni zimene mwagulitsa, asaganize kuti ndalama inagwa kumwamba. Muuzeninso kuti akalephera, kapena akamaliza osapeza nchito, khomo ndi lotsegula ndipo nsima yake ilipo. Mau awiriwa anenedwe tsiku limodzi. Mukanena oyamba okha, mwamusenzetsa mwala. Mukanena aciwiri okha, mwina adzaiwala ng'ombe ija.

Mayi uja anagulitsadi ng'ombe yake, ndipo mwana anapita. Sabata yatha anabwera m'kalasi ndi foni, natiwerengera yekha uthenga wa mizere iwiri: mwana wafika bwino, koma kutentha sakugona nako. Anawerenga mwapang'onopang'ono, cala cili pa zilembo. Bambo wacikulire uja nayenso ali ndi ng'ombe imodzi, inzake inafa caka catha. Agwirizana kuti pokolola adzamanga ziwirizo pagoli limodzi, ngolo idzayamba kwa mayiyo. Za ng'ombe zinayi bamboyo sanasinthe maganizo.