Lidiya wa pa Mponela

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe amadziwa zimene zimachitika basi ikaima pa Mponela. Pa mawindo pamadzaza malichero a tomato, nthochi, mtedza ndi chimanga chootcha. Zambiri mwa izi zimalimidwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo amayi amalawirira nazo kusanache. Pamene iwo akhala pamakhala moyo: mlendo amafunsa njira, mwana wosochera amapeza womugwira dzanja, uthenga wa maliro umafala msanga. Akaweruka, pamsewu pamangoti zii.

Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 16, limasimba za Lidiya, mayi wogulitsa nsalu zofiirira ku Filipi. Paulo Woyera anakumana naye m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa mzinda. Mayiyu anabatizidwa pamodzi ndi a pabanja pake, ndipo m'nyumba mwake ndi mmene munasonkhana mphakati woyamba mumzindawo. Mulungu anayambira pa wamalonda.

Nanga mkhristu wa m'tauni amatani? M'sitolo yayikulu amalipira mtengo wolembedwa osawiringula. Akafika pa mayi wa tomato, amanenerera mpaka phindu lonse litatha, kenako n'kupemphanso basera. Phindu limenelo ndiye fizi ya mwana, ndiye feteleza wa chaka chino.

Sabata ino, wogula ayambe wapereka moni, alipire mtengo woyenera. Wogulitsa nayenso asabise zowola pansi pa mulu. Pakuti Ambuye Yezu amene alandiridwa mu Ukaristia lero ndi omwewo amene akudikira pa windo la basi.