Kathebulo ka kuseri kwa chitseko

Mdzukulu wanga, tsiku lija ndinabwera ku Lilongwe kudzaona khanda, maso anga anagwera pa kathebulo kali kuseri kwa chitseko chanu. Mtanda unalipo, chithunzi cha Amayi Maria chinalipo, koma pansalu yomweyo panali makiyi, tchaja ya foni, mabilu a madzi ndi botolo la mankhwala a chifuwa. Sindinanene kanthu, poti amuna ako anali pomwepo ndipo nyumba ndi yanu. Tsopano chaka chikutha, ndiye ndati ndikuuze, iwe ukakambirane nawo mwaulemu.

Pa 30 kapena pa 31 Disembala, m'mawa usanathamangire kumsika, chotsa zonse pamenepo. Ino ndi nyengo ya mvula, chinyezi chimalowa m'makoma, chuku chimamera kuseri kwa zithunzi ndipo njenjete zimadya mapepala mwakachetechete. Nsalu uchape, uyanike, usite. Mtanda upukute ndi kansalu kouma, chifukwa mtengo sugwirizana ndi madzi. Mtanda umenewo ndinakupatsa pa ukwati wako, ndipo unasemedwa ku Mua, kumishoni imene Azibambo Oyera anatsegula mu 1902. Kumeneko, kuyambira 1976, Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa amisiri a ku KuNgoni omwe amasema Yesu ndi amayi ake ali ndi nkhope ngati zathu. Ukamaupukuta, uuyang'ane bwino. Dzanja la munthu wakwathu linakhalira tsiku ndi tsiku pa mtengo umenewo.

Kanjedza wouma amene munatsomeka pamtanda usamutaye kudzala. Anadalitsidwa pa Lamulungu la Kanjedza, ndipo akanjedza akale oterewa ndiwo amatenthedwa kuti papezeke phulusa lotipaka pamphumi pa Lachitatu la Phulusa. Umusunge pabwino mpaka akadzalengeza kutchalitchi. Kolona ikaduka, ilumikize. Ikakanika, kapena chithunzi chikang'ambika kosakonzeka, uchitenthe kapena uchikwirire pamalo oyera, osati kuchisakaniza ndi makoko a nthochi. Madzi odalitsidwa akatha kapemphe ena kwa ansembe. Koma ndikuchenjeze, mwanawe: madziwo si chithumwa. Amatikumbutsa ubatizo wathu. Mwana akatentha thupi, muwaze ndithu, kenaka umbereke upite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kandulo uziika m'mbale yadothi, kutali ndi nsalu ya pazenera, ndipo uzizimitsa musanagone. Ndinaonapo nyumba ya udzu ikupsa chifukwa cha kandulo ya mapemphero. Makandulo atsopano ukadalitsitse pa 2 Febuluwale.

Baibulo lisakhale lotseka ngati bokosi la maliro. Ife tinakulira Malembo Oyera a mu 1966, inu muli ndi Buku Loyera la mu 1998, lomwe Chichewa chake ngakhale mwana wa sitandade 5 amachimva. Pa 1 Januwale, tsiku la Maria Amayi a Mulungu, kutchalitchi amawerenga mutu 6 wa buku la Numeri, pomwe pali mdalitso umene Aroni anauzidwa kuti azidalitsira anthu. Mukabwerako ku Misa, amuna ako atsegule pamenepo, awerenge mokweza, asanjike dzanja pamutu pa mwana aliyense. Poyamba adzachita manyazi. Agogo ako aamuna nawonso ankachita manyazi, mawu ankanjenjemera, koma bambo ako mpaka lero amakumbukira kulemera kwa dzanja limenelo.

Pansi pa mtanda ikapo kapepala ka mayina a abale amene anatisiya, ndipo chaka chilichonse uzilembanso, kuwonjezera amene apita chaka chimenecho. Ndili kamtsikana ndinkaona agogo anga akusesa pakachisi mvula isanagwe, akuthira ufa, akutchula makolo mmodzimmodzi. Ife tinabatizidwa, ufa sitithiranso, tinaphunzira kupempherera akufa ndi kuwaperekera Misa. Koma kutchula mayina kuja ndimakuyamikira mpaka pano. Ana a m'tauni akukula osadziwa dzina la amene anabala agogo awo, ndipo zimandiwawa. Mukagwada, tchulani mayinawo ana akumva.

Tsopano ndifike pa chimene ndatengera cholembera. Kumapeto kwa 2001, njala ija ya 2002 ikuyandikira, agogo ako anagulitsa matumba awiri a chimanga osandiuza, kuti alipire ngongole. Ndinakwiya koopsa. Kwa milungu itatu nsima ndinkawaikira pamphasa osalankhula, madzi osamba ndinkatuma ana. Pa 31 Disembala ndinachapa nsalu ya pathebulo lathu monga mwa chizolowezi, ndinaika maluwa, ndinayatsa kandulo, tonse tinagwada. Titayamba Atate Athu ndi kufika pamawu okhudza kukhululuka, lilime langa linauma. Ana anapitiriza okha, kenaka nawonso anasiya, akutiyang'ana. Ndinadzuka, ndinatuluka kukhonde, agogo ako ananditsatira. Tinakamba mpaka tambala woyamba, mvula ikudontha m'tsindwi. Chimanga sichinabwerere, ndipo Febuluwale ameneyo tinadya gaga ndi masamba a maungu. Koma tinadya tikulankhulana, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake sitinabalalike monga anachitira mabanja ena m'mudzi muno.

Choncho usanasite nsaluyo, dzifunse kuti ndi ndani amene sukumulankhula. Ngati ndi amuna ako, yamba ndiwe, ngakhale uone kuti wolakwa ndi iwo. Ngati ndi alamu ako, aimbire foni. Ngati mnansi unamubwereka ndalama n'kuyamba kumuzemba panjira, pita ukamuuze tsiku limene udzabweze. Ndipo ukalape kwa ansembe chaka chisanalowe. Kuyambira 1968, pamene Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi anakhazikitsa, 1 Januwale ndi tsiku lopempherera mtendere pa dziko lonse. Ine sindidziwa kuyanjanitsa mayiko, koma anthu awiri ogona pamphasa imodzi atha kuyanjana usiku umodzi.

Za malonjezo a chaka chatsopano, musadzisenzetse mtolo woti mukautula pa Januwale pomwepa. Ndawaona ambiri ochezera usiku wonse wa pa 31 akuimba mpaka mawu kusasa, pofika pa 10 kandulo yazima, makiyi abwerera pansalu. Kuchezerako n'kwabwino, pitani. Koma m'nyumba sankhani chochepa chimene mungachikwanitse ngakhale magetsi atazima, ngakhale mwana akulira: Tikuoneni Maria khumi mukatha kudya madzulo, ndi ndime imodzi ya Uthenga Wabwino. Kolona yonse muzichita Loweruka. Foni zizikhala kuchipinda nthawi imeneyo.

Kumphakati muzipita nonse awiri. Ambuye Patrick Kalilombe atalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, tinaona mpingo ukubwera pakhomo pathu penipeni, ndipo ndi anthu a mphakati amene ananyamula bokosi la agogo ako. Si za amayi okha ayi. Mtulo wa mpingo ndikudziwa kuti Januwale ngwowawa, fizi ikufunika, feteleza wobereketsa akufunika, lendi sidikira. Gwirizanani mwezi umene mudzapereke, mulembe pa kalendala, muipachike pamwamba pa kathebuloko.

Makiyi aja uwakhomerere msomali pakhoma. Nsalu yoyera ndakusokera ina, ya mphonje zabuluu, ndipatsira amalume ako akamabwera Lachisanu. Ine ndidzafika chimanga chikamasula ngayaye, ndipo madzulo ake ndidzafuna kumva mwana wako wamkulu akutsogolera pemphero.