TANTHAUZO LA ADHANA NDI NTCHITO YAKE M'MWEZI WA RAMADHANI

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.).

Liwu loti adhana timalitchula tsiku ndi tsiku, koma mutafunsa tanthauzo lake ambiri angoti, "Ndi kuitanira swala basi." Sanalakwe ayi, koma liwuli ndi lalikulu kuposa pamenepo. M'Chiarabu adhana ndiko kulengeza, kudziwitsa anthu chinthu poyera. Limachokera pa tsinde limodzi ndi liwu loti udhun, ndilo khutu. Tsono adhana ndi nkhani yoikidwa m'khutu mwa munthu kuti asadzanene kuti sanamve. Mu Qur'an yolemekezeka liwuli lili mu Sura Tawba ndime 3, ponena za chilengezo chimene chinaperekedwa kwa anthu pa tsiku la Hajj. Mu Sura Hajj ndime 27 mneneri Ibrahim (A.S.) akulamulidwa ndi liwu la tsinde lomweli kuti alengeze Hajj kwa anthu. Ngakhale wantchito uja amene anafuulira apaulendo za chikho cha mfumu, mu Sura Yusuf ndime 70, akutchedwa muadhini. Wolengeza.

Adhana ya swala inayamba ku Madina, Mtumiki (S.A.W.) atasamuka ku Makka m'chaka cha 622. Maswahaba anakhala pansi kufunafuna chizindikiro chosonkhanitsira anthu. Ena anati belu, ena anati lipenga la nyanga, ena anati tiziyatsa moto. Zonsezi sizinalandiridwe. Kenaka Abdullah bin Zaid (R.A.) anaphunzitsidwa mawu a adhana kutulo, ndipo Mtumiki anamuuza kuti akawaphunzitse Bilal (R.A.) popeza mawu a Bilal anali omveka patali. Taonani, munthu amene anali kapolo, wa khungu ngati lathuli, ndiye anakhala muadhini woyamba.

Tsopano tibwere pa Ramadhani, pakuti apa ndi pamene ambiri timapunthwa.

Nthawi ya Mtumiki (S.A.W.) kunkamveka adhana ziwiri kum'bandakucha. Bilal ankaitana kukadali usiku kuti ogona adzuke, ndipo anthu ankapitiriza kudya daku. Yachiwiri ankaitana Ibn Ummi Maktum (R.A.), amene anali wosaona, ndipo sankaitana kufikira atauzidwa kuti kwacha. Imeneyo ndiyo inkatseka kudya. Nanga inu mayi, kodi mukudziwa kuti pamzikiti wanu amachita imodzi kapena ziwiri? Funsani lero, musadikire kuti nsima ili m'manja ndiye muziyamba kukangana ndi bambo.

Mvetsani bwino apa. Adhana siilowetsa dzuwa, ndipo siibweretsa kucha. Iyo ingolengeza chimene Allah wachita kale kumwamba. Chotsegula swaumu ndi kulowa kwa dzuwa. Ngati muadhini wafulumira, inu n'kumasula, pambuyo pake n'kuona kuti dzuwa likadalipo, tsiku limenelo muyenera kulibweza malinga ndi madhihabu a Imam Shafi'i amene ambiri kuno timatsata. Ine ndinaziona ndi maso ndili mnyamata. Kunali mitambo yamvula, kunja kunada bii, muadhini wa m'mudzi wina anakwera n'kuitana. Tinamwa madzi, tinadya phala. Posakhalitsa mitambo inang'ambika, dzuwa lili psuu pamwamba pa mitengo! Mudzi wonse unabweza tsikulo itapita Idi. Bamboyo sanachite dala, koma anaiwala kuti anthu anamusungitsa swaumu zawo.

Inu amene mumakhala m'tsinde mwa mapiri a Chikala, chenjerani. Dzuwa kubisala kuseri kwa phiri si kulowa ayi. Dikirani muone mdima ukukwera kuchokera kum'mawa.

Palinso za wailesi ndi mafoni. Si zoipa, nanenso ndimamvera Radio Islam. Koma dzuwa sililowa nthawi imodzi m'dziko lonse. Ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, limalowa mphindi 3 kapena 4 lisanalowe pa Balaka, chifukwa Nayuchi ili chakum'mawa. Tsono wa pa Balaka akamva pa foni kuti mlamu wake ku Nayuchi wamasula, iye asatengerepo tende. Chimodzimodzi kum'bandakucha: kwa Chikweo ndi ku Nayuchi kumacha msanga, ndiye munthu wa kumeneko akamadyabe podikira adhana ya Balaka kapena Lilongwe, akudya kutacha. Mphindi zochepa zomwezo zikhoza kukutayitsani ludzu la tsiku lonse. Tsatani mzikiti wa kwanu.

Nanga asodzi a pa Chiuta, pa Chilwa ndi pa Malombe, amene kumawachera ali m'bwato kosamveka muadhini? Yang'anani kum'mawa. Kumayamba kuwala kopyapyala koima chilili ngati mchira, kenaka kumazimirira n'kudanso. Kumeneko ndi kucha kwabodza, idyani ndithu. Koma kuyera kukayamba kuyala chopingasa m'mphepete mwa thambo n'kumakulirakulira, Fajiri yalowa. Chotsani dzanja m'mbale.

Mukamva adhana siyani nkhani, bwerezani mawu amene muadhini akunena, ndipo akamaliza mupempherereni Mtumiki madalitso. Pa Magharibi musachedwetse kumasula: tende, kapena madzi ngati tende palibe, kenaka swala. Ndiwo zija sizithawa.

Pomaliza, dziwani kuti si swala iliyonse ili ndi adhana. Tarawehe ilibe yakeyake, imatsatira Isha. Swala ya jeneza ilibe. Swala ya Idi nayonso ilibe adhana ngakhale ikama, choncho tsiku la Idi musakhale pakhonde kudikira kuitana. Sambani, valani, perekani Zakatul Fitri swala isanayambe, ndipo lawirirani ku bwalo.