Kodi Khungu ndi la Yani?

M'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America muli malo amalonda komwe anthu a khungu loyera amalipira ndalama kuti agone m'makina onga bokosi, okhala ndi nyali zotulutsa cheza cha UV, n'cholinga choti khungu lawo likhale loderako. Makinawa anafala kuyambira m'zaka za m'ma 1970, potsatira ntchito ya Friedrich Wolff wa ku Germany. Mchitidwewu ukudzutsa funso lakalekale: kodi munthu ali ndi ufulu wovulaza thupi lake pofuna kukongola?

Tiyambe ndi thupilo. Chezachi chikaononga maselo, khungu limachulukitsa melanin pofuna kudziteteza. Choncho kuderako komwe wogula amakusirira ndi umboni wakuti khungu lavulala. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 1975 Thomas Fitzpatrick, dokotala wa ku Harvard, anaika makungu m'magulu, ndipo gulu loyamba ndi la anthu omwe amangopsa osadera n'komwe. Anthu oterewa ali pachiopsezo chachikulu cha khansa ya melanoma, chonsecho makinawo sangawapatse chimene akufunacho. M'chaka cha 2009 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika makinawa m'gulu limodzi ndi fodya.

Maiko sanayankhe mofanana. Ku England ndi Wales, kuyambira 2011, lamulo limaletsa makinawa kwa okhawo osafika zaka 18. Dziko la Australia linatseka malonda onsewa pofika 2016, patapita zaka kuchokera pamene Clare Oliver wa ku Melbourne anachenjeza anthu ali gone m'chipatala. Iye anamwalira mu 2007 ali ndi zaka 26.

Otsutsa chiletso amatsamira pa John Stuart Mill, yemwe mu 1859 anaphunzitsa kuti boma lisalowerere pa zimene munthu wamkulu akudzichitira yekha. Komatu Mill yemweyo anavomereza kuti malonda amakhudza anthu ena. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ufulu wodziika pachiopsezo ndi wa mwini thupi. Sungasanduke chilolezo choti wina adyerepo phindu. N'chifukwa chake ndikuona nzeru m'lamulo la ku Australia: linagwira wogulitsa, n'kumusiya wokhala ndi makina kunyumba kwake.

Tisaiwalenso komwe chilakolakocho chinachokera. Kale ku Ulaya khungu loyera mbee linkasonyeza kuti munthu sagwira khasu. Osauka atalowa m'mafakitale, khungu loderako linayamba kusonyeza kuti munthu ali ndi chuma chokaothera dzuwa kunyanja. Mtundu wa khungu, monga mawu, umalandira tanthauzo kuchokera kwa anthu, ndipo tanthauzolo limasintha. Koma mawu akasintha palibe amene amadwala.

Ife kuno tisafulumire kuseka. M'Chichewa mawu oti "kuyera" amanena za khungu, za ukhondo ndi za chiyero, pamene "kuda" amanenanso za litsiro. Mafuta oyeretsa khungu akugulidwabe m'misika yathu, ngakhale dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mtsikana wa ku Glasgow wofuna kuderako ndi wa ku Limbe wofuna kuyererako auzidwa chinthu chimodzi, chakuti khungu lobadwa nalo silikwanira. Mlandu waukulu uli kwa iwo amene amawauza zimenezi n'kulandira ndalama zawo.