Walira mvula walira matope

Akuluakulu amanena mwambi uwu kwa munthu amene wapeza chimene ankachilakalaka koma wayamba kunyinyirika ndi zimene chabwera nazo. Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, aliyense maso amakhala kumwamba. Mvula ija ikagwa njira zimaterera, udzu umamera m'munda, khasu limalemera ndi dothi. Nzeru imeneyi ikumukhudza Mkhristu amene amasangalala akamva za chisomo ndi ufulu, koma ikafika nkhani ya udindo makutu amatseka.

Chisomo sichigulidwa, monganso mvula. Mtumwi Paulo analimbana koopsa ndi aphunzitsi amene ankauza Agalatiya kuti munthu wa mtundu wina ayambe wachita mdulidwe kuti Mulungu amulandire. Komatu m'chaputala 5 cha kalata yake yopita kwa Agalatiyawo, atangotha kuteteza ufulu wawo, akuwachenjeza kuti asausandutse mpata wokhutiritsa zilakolako za thupi, koma azitumikirana mwachikondi. Ku Korinto mkangano unali wa nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano. Paulo anavomereza kuti fano si kanthu, ndipo kudya kapena kusadya sikumuyandikiza munthu kwa Mulungu. Ngakhale zinali choncho, iye anali wokonzeka kusiyiratu nyama ngati kudya kwake kukanagwetsa m'bale wa chikumbumtima chofooka. Palibe lamulo linamuletsa. Anadziletsa yekha poganizira mnzake.

Kalata yaifupi yopita kwa Filemoni ndiyo imaonetsa kulemera kwenikweni kwa nkhaniyi. Onesimo anali kapolo wa Filemoni, anachoka kwa mbuye wake, nakatembenuka mtima kudzera mwa Paulo ali m'ndende. Malamulo a Aroma ankamupatsa Filemoni mphamvu yomulanga kapoloyo. Koma Paulo akumupempha kuti amulandire ngati m'bale wokondedwa, ndipo ngati pali ngongole aiwerengere kwa Pauloyo. Tangoganizani manyazi ake: mpingo unkasonkhana m'nyumba ya Filemoni momwemo, choncho onse akanaona mwini nyumba akudyera pamodzi ndi munthu amene anamulakwira. Amenewo ndiwo anali matope a Filemoni, ndipo sakanawalambalala n'kumadzitchabe munthu wokhululukidwa.

Wina anganene kuti kulankhula chonchi ndi kubwezera anthu m'goli la malamulo, pakuti mphatso yokhala ndi udindo yasanduka malonda. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, chifukwa alipodi alaliki amene amaopseza anthu ndi chakhumi ngati kuti madalitso ali pa mtengo. Yankho lili pa chimene chimayamba. Mlimi sapalira kuti mvula igwe. Amapalira chifukwa yagwa. M'fanizo la pa Mateyu 18, wantchito wina anakhululukidwa ndi mfumu ngongole ya matalente 10,000 asanachite chabwino chilichonse. Mlandu unamugwera atatuluka, pamene anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Mfumu sinafune kuti aibwezere kanthu, koma inayembekezera kuti chifundo chimene analandira chifikenso kwa wina. Munthu amene chisomo sichinamufewetse mtima pa anzake, n'zokayikitsa ngati anamvetsa kukula kwa ngongole imene anamuchotsera.

Pali vuto lina limene sitiyenera kulibisa: mwambiwu umapotozedwa. Mayi amene akumenyedwa m'banja akapita kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo, nthawi zina amangomuuza kuti apirire, poti banjalo analifuna yekha. Kumeneko ndi kuipitsa mwambi ndi Uthenga Wabwino womwe. Nkhanza sizichokera ku chisomo, ndipo palibe amene anazilira. Tikayang'anitsitsa zitsanzo za Paulo, katundu akumusenzetsa amene ali ndi mphamvu. Ku Korinto wouzidwa kudziletsa ndi wodziwa zambiri, osati wofooka. M'nyumba ya Filemoni, ngakhale Onesimo anabwereradi, mawu onse a pempho akulunjika kwa mbuye amene anali ndi ufulu wolanga.