Katani yobiriwira imene maso sakuionanso

Tisanalowe m'phunziro la sabata ino, tiyeni tilingalire za wophunzira kujambula ndi penti wa mafuta amene wakhala pansi kuti atengere chithunzi cha katswiri wakale. Titenge chithunzi cha mtsikana wovala ndolo ya ngale, chimene Johannes Vermeer wa ku Delft, m'dziko la Netherlands, anajambula cha m'ma 1665. Lero chimasungidwa ku Mauritshuis, mumzinda wa The Hague.

Wophunzirayo sayambira pa maso kapena pa milomo, ngakhale mtima umathamangira kumeneko. Amayamba wapaka nsalu yonse penti wotuwa, kenako amaika mithunzi. Mitundu imabwera pambuyo, ndipo penti wa mafuta ambiri amakhala pamwamba pa wa mafuta ochepa. Akasemphanitsa, chithunzi chimang'aluka chikauma. Pakati pake pamakhala masiku ongodikira kuti penti aume.

Akafika kumbuyo kwa mtsikanayo amaonako mdima, choncho amapaka penti wakuda bii n'kukhutira kuti watsata mwini wake. Koma mu 2018 akatswiri anaunika chithunzichi ndi makina, ndipo anapeza kuti pamenepo Vermeer anajambula katani yobiriwira. Pamwamba pa penti wakuda anapakapo utoto wopyapyala wochokera ku zomera, wabuluu ndi wachikasu, ndipo utotowo unasuluka m'zaka zoposa 350. Anapezanso titsitsi ta m'zikope, pamene anthu ambiri ankati mtsikanayo alibe.

Taonani tsono: wophunzira wosamala kwambiri, wosaphonya kadontho, angathe kutengera kusuluka kwa penti n'kumayesa kuti ndi dzanja la katswiri.

Sitikunyoza kutengera ayi. Tonsefe tinaphunzira kupemphera, kupatsa moni ndi kulandira alendo poonera akuluakulu. Komabe pa zimene tinalandirazo, zina ndi zimene oyamba anafuna, zina ndi mdima umene nthawi inasiyapo. Pali mabanja amene sitiwayendera chifukwa agogo athu sankawayendera, ndipo palibe wa ife amene anafunsapo chimene chinachitika. Ana athu akutengera kale zomwezo kwa ife.

Mukakhala awiriawiri, aliyense atchule chizolowezi chimodzi chimene anachipeza pakhomo pawo. Kodi amene anachiyambitsa ankafuna chiyani? Ndani akadali moyo amene tingakamufunse sabata ino?