Kodi Timuuze Zoona Mayi Wodwalayo?

Pali funso limene lisautsa mabanja ambiri, ndipo inu akatekisti mukomana nalo poyendera odwala. Mayi anadwala khansa ya m'mawere nachitidwa opaleshoni. Patapita zaka mimba yayamba kutupa, ndipo dokotala wauza achibale kuti nthenda ija yafalikira m'mimba. Kodi nkoyenera kumbisira mwiniwakeyo?

Tiyambe tadziwa chimene chachitika. Tizidutswa ta chotupa timayenda m'thupi, tina nkukamera m'chiwindi, tina pa nembanemba yokuta matumbo. Pamenepo madzi amadzaza m'mimba, chakudya sichilowa bwino, thupi nkumawonda. Madokotala amati nthendayo yafika pa gawo la 4, ndipo kawirikawiri sichizika. Koma kusachizika sikutanthauza kuti imfa ndi ya mawa. Pa mitundu ina ya khansayi, mankhwala monga tamoxifen ndi trastuzumab amaichedwetsa, ndipo ku America, mwa amayi 10 amene yawafalikira kutali, pafupifupi 3 amakhala akali moyo patatha zaka 5. Komabe madzi akamabwererabwerera m'mimba, nthawi yotsala imawerengedwa kawirikawiri m'miyezi.

Achibale obisa zimenezi sachita mwa nkhanza ayi. Aopa kuti mayiyo akamva adzataya mtima. Mantha awo ndiwamvetsa. Koma taganizani: mwini thupi aona yekha kuti chitenje sichikumkwananso. Onse akamamuuza kuti achira posachedwa, iye amakhala chete kuti asawakhumudwitse, nasenza yekha katundu amene akadasenzerana. Bodza lachifundo limsandutsa mlendo m'nyumba yake yomwe.

Chinanso, masiku otsalawo ndi ake. Ndiye ayenera kunena amene adzalera ana, kuyanjana ndi mbale amene anayambana naye, ndi kulandira Sakramenti la Kudzoza Odwala nzeru zikali zonse. M'chaka cha 1957 Papa Pius XII anaphunzitsa kuti munthu sakakamizidwa kulandira chithandizo cholemetsa mopitirira muyeso, ndiponso kuti mankhwala oletsa ululu ndi ololedwa. Tsono mayiyo adzasankha bwanji pakati pa kupitiriza mankhwala amphamvu ndi kupumula kwawo, ngati sadziwa pamene nthenda yafika? Kumbisira ndiko kumlanda ufulu umene Eklezia amzindikirira.

Komatu zoona sitiponya ngati mwala. Khalani pansi, mfunseni chimene iye akuganiza za matenda ake, ndipo muyankhe monga momwe afunira kumva, pang'onopang'ono. Musatchule tsiku, pakuti ngakhale dokotala salidziwa. Mlonjezeni zokhazo zimene zingatheke: kuti madzi aja angachotsedwe kuchipatala apepukidwe, kuti morphine amachepetsa ululu, ndi kuti simudzamsiya yekha. Ndipo mukalonjeza kubweranso Lachitatu, bwerani ndithu.